Mapanga Awiri Avumbwitsa: Kukhumudwa kwa Oonerera Kanema wa Batman: The Killing Joke

Pa 22 Julayi 2016, mumzinda wa San Diego ku America, pa msonkhano waukulu wa pachaka wa okonda mabuku a nthano za zithunzi wotchedwa Comic-Con, anthu anaonetsedwa kwa nthawi yoyamba kanema wa makatuni wa dzina lakuti Batman: The Killing Joke. Ambiri a iwo anali atamdikira kanemayu zaka zambiri, ndipo analowa m'chipinda choonetseramo ndi chimwemwe chodzaza tsaya. Koma pamene eni ake a ntchitoyo anakhala kutsogolo kuti ayankhe mafunso, panabuka mkangano. Mtolankhani wina anafuula kudzudzula m'mene kanemayo anamusonyezera mkazi wa m'nkhaniyo, ndipo Brian Azzarello, amene analemba mawu a kanemayo, anamubwezera mawu achipongwe pamaso pa anthu onse. Mbiri inafala msanga pa intaneti, kotero kuti anthu ambiri anayamba kumunena kanemayo asanamuone n'komwe.

Kukhumudwa kwa oonerera ndi chinthu choyenera kuchiphunzira, pakuti munthu akakhumudwa ndi nthano amaulula chimene anali kuyembekezera kwa nthanoyo. Komabe madandaulo sakhala ofanana onse. Pali kudandaula kwa mlendo amene wapatsidwa nsima yosapsa, ndipo pali kudandaula kwa mlendo amene wapatsidwa nkhuku pamene mtima wake unali pa nsomba. Woyambayo ali ndi mlandu weniweni ndi wophika. Wachiwiriyo mlandu wake uli ndi mtima wake womwe. Nkhani ino ifuna kusiyanitsa madandaulo a mitundu iwiri imeneyi pa kanema ameneyu, ndi kuona pamene oonerera anaweruza molungama ndi pamene anaphonya.

Gwero la nthanoyi

Batman ndi ngwazi ya m'mabuku a zithunzi imene inaoneka koyamba m'chaka cha 1939, yopekedwa ndi Bob Kane ndi Bill Finger. Dzina lake lenileni m'nthano ndi Bruce Wayne, munthu wachuma wa mumzinda wongopeka wa Gotham, amene ali mwana anaona makolo ake akuphedwa ndi chigawenga, ndipo atakula anadzipereka kulimbana ndi anthu oipa usiku, atavala chovala chofanana ndi mleme. Mdani wake wamkulu, Joker, anaoneka m'chaka cha 1940: munthu wa nkhope yoyera ngati wodzola ufa, wa tsitsi lobiriwira ndi milomo yofiira, amene amapha anthu uku akuseka. Barbara Gordon, mwana wamkazi wa James Gordon mkulu wa apolisi, anayamba kuoneka m'chaka cha 1967 monga Batgirl. M'mabuku a zaka zimenezo iye anali mkazi wophunzira kwambiri, woyang'anira nyumba ya mabuku ya mumzindamo, ndipo m'nthano za 1972 anasankhidwa kukhala phungu wa nyumba ya malamulo ya America. Wowerenga asunge mfundo imeneyi, pakuti mlandu wonse wagona pa mkazi ameneyu.

M'chaka cha 1988 kampani ya DC Comics inasindikiza kabuku ka masamba osafika 50, kolembedwa ndi Alan Moore ndi kujambulidwa ndi Brian Bolland, onse awiri a ku England. Nkhani yake njotere. Joker athawa m'nyumba ya amisala ya Arkham ali ndi cholinga chotsimikiza kuti munthu aliyense, ngakhale wolungama chotani, akhoza kupenga ngati tsoka lalikulu limgwera mwadzidzidzi. Agogoda pakhomo pa Gordon, ndipo Barbara atatsegula amuwombera ndi mfuti. Chipolopolo chiwononga msana, ndipo mtsikanayo apuwala miyendo. Joker amuvula ndi kumjambula zithunzi, natenga atate wake kupita nawo ku bwalo la masewera lakale losiyidwa, kumene awazunza ndi kuwaonetsa zithunzizo kuti apenge. Koma Gordon sapenga, ndipo Batman atafika, mkuluyo amuuza kuti Joker agwidwe motsata lamulo. Pakati pa zochitika zimenezi kabukuko kabwerera m'mbuyo kusonyeza munthu wosauka amene analephera ntchito yoseketsa anthu. Mkazi wake woyembekezera anafa pangozi, ndipo iye mwini, atakakamizidwa ndi mbava kuti azitsogolere kukaba, anagwera m'madzi a mankhwala a pafakitale nasanduka Joker. Komabe Joker yemweyo avomera kuti mbiri yake amaikumbukira mosiyanasiyana, kotero kuti wowerenga sangatsimikize ngati zinachitikadi chomwecho. Pamapeto Batman apempha mdani wakeyo kuti alole kuthandizidwa. Joker akana, nasimba nthabwala ya amisala awiri othawa kumene anatsekeredwa, ndipo onse awiri aseka pamodzi mvula ili kugwa.

Kabukuka kanalandira mphotho ya Eisner m'chaka cha 1989, ndipo kanatchuka kwambiri. Koma kanali ndi chilonda chake. Owerenga ambiri anaona kuti Barbara analumazidwa kuti atate wake ndi Batman amve kuwawa. Iye anali ngati mbuzi yophedwa pa mlandu wa eni. Alan Moore mwini wake ananena kangapo pambuyo pake kuti sakondwera nako kabukuko. M'chaka cha 1999 Gail Simone anasonkhanitsa mndandanda wa akazi a m'nthano zotere amene anaphedwa kapena kulumazidwa pofuna kukometsa nkhani ya mwamuna, ndipo Barbara analimo. Ndiponso m'mwezi wa Malichi 2015 kampani ya DC inachotsa chikuto china cha buku la Batgirl, chojambulidwa ndi Rafael Albuquerque, chimene chinakumbutsa chipongwe chija. Anthu anali atadandaula, ndipo wojambulayo anapempha yekha kuti chisasindikizidwe. Choncho opanga kanema anadziwa bwino lomwe kuti ali kuponda pa minga.

Chiyembekezo cha oonerera

Chiyembekezo cha anthu chinakula pa zifukwa zomveka. Choyamba chinali mawu. M'kanema wa makatuni anthu ojambulidwa sayankhula okha. Pamakhala anthu enieni amene amawabwereka mawu. Kuyambira m'chaka cha 1992, pamene makatuni a Batman: The Animated Series anayamba kuonetsedwa pa wailesi ya kanema, Kevin Conroy ndiye anali mawu a Batman, ndipo Mark Hamill, yemwe uja wa m'kanema wa Star Wars, anali mawu a Joker. Ana amene anakula akumva mawu amenewa anali tsopano akuluakulu, ndipo kwa iwo Batman woyankhula ndi mawu ena anali ngati mlendo wovala zovala za mwini nyumba. Hamill anali atanenapo kuti afuna kuleka kuyankhulira Joker, koma kuti adzabwerera ngati kabuku ka Moore kadzasandutsidwa kanema, ndipo anabwereradi. Tara Strong, amene anayamba kuyankhulira Batgirl m'chaka cha 1997, anabweranso. Bruce Timm, mmodzi wa amene anayambitsa makatuni a 1992, anali mkulu woyang'anira ntchitoyo, ndipo Sam Liu ndiye anatsogolera kujambula.

Chachiwiri chinali mbiri yabwino ya amisiriwo. Kampani ya Warner Bros. inali itasandutsa kale nthano zina zotchuka za Batman kukhala makatuni: Under the Red Hood m'chaka cha 2010, Year One m'chaka cha 2011, ndi The Dark Knight Returns m'zigawo ziwiri, mu 2012 ndi 2013, ndipo anthu anazilandira bwino. Mmisiri amene wamanga nyumba zitatu zolimba, anthu samufunsa zambiri akayamba yachinayi.

Chachitatu chinali chizindikiro. Ku America kanema amapatsidwa chilembo chosonyeza msinkhu wa oyenera kumuona, ndipo chilembo cha R chitanthauza kuti mwana wosafika zaka 17 saloledwa kulowa popanda kholo kapena womuyang'anira wamkulu. The Killing Joke anali woyamba kulandira chilembo chimenechi mwa makatuni a mndandanda umenewu wa DC. Anthu anachitenga chilembocho ngati lonjezo lakuti nthanoyo idzasimbidwa yonse, popanda kubisa kanthu.

Chifukwa cha zonsezi, kanema amene anakonzedwa kuti agulitsidwe wa kuonera kunyumba anaonetsedwanso m'nyumba za kanema zoposa 1,000 usiku wa pa 25 Julayi, ndipo pakuti matikiti anagulidwa kwambiri, anawonjezera usiku wachiwiri. Usiku woyamba wokha ndalama zinapitirira madola mamiliyoni 3.

Chimene anapeza

Opanga kanema anali ndi vuto lenileni, ndipo nkoyenera kulivomereza. Kabuku ka masamba osafika 50 sikangadzaze nthawi ya kanema wathunthu. Bruce Timm anafotokoza kuti anawonjezera chigawo chatsopano pa zifukwa ziwiri: kuti kanemayo atalike, ndi kuti Barbara apatsidwe nkhani yakeyake, anthu amdziwe asanamuone akuwomberedwa. Motero mwa mphindi zopitirira pang'ono 75 za kanemayo, pafupifupi theka la ola loyamba ndi nkhani imene mulibe m'kabukumo.

M'chigawo chimenechi Batgirl ali kusaka chigawenga chachinyamata chotchedwa Paris Franz, chimene chayamba kumlakalaka ndi kumtumizira mauthenga. Batman amuletsa kupitiriza ntchitoyo, nanena kuti mtsikanayo sanaonebe mdima weniweni wa nkhondo imeneyi. Kunyumba ya mabuku Barbara adandaulira mnzake wa pantchito za mwamuna wina amene amamphunzitsa koma samusamala. Usiku wina iye ndi Batman akangana padenga la nyumba, amenyana, ndipo mkanganowo uthera m'kugonana. Pambuyo pake Batman ayamba kumlewa. Barbara ampulumutsa kwa Franz, nammenya Franz mpaka pafupi kumupha, ndipo poopa mkwiyo wake womwe avula chovala cha Batgirl naleka ntchitoyo. Pamenepo mpamene nkhani ya Moore iyamba, ndipo isimbidwa pafupifupi liwu ndi liwu mpaka kumapeto.

Magulu a odandaula

Oonerera amene anakhumudwa akhoza kugawidwa m'magulu awiri akulu, ndipo chodabwitsa nchakuti magulu amenewa anali kufuna zinthu zotsutsana.

Gulu loyamba linali la okonda kabukuko monga kalili. Iwowa anati analipira kuti aone nthano ya Joker, koma anakhala theka la ola Joker osaoneka. Anati chigawo choyambacho ndi nkhani ina, ya mtundu wina, yosokereredwa pa nsalu yosafanana nayo. Ambiri analangiza anzawo kuti akagula kanemayo adumphe mphindi 30 zoyambazo.

Gulu lachiwiri linali la amene anaona chilonda cha kabukuko, nayembekezera kuti kanema adzachipoletsa. Iwowa ndiwo anakwiya koposa, pakuti anati mankhwala aposa matenda kuipa. M'mabuku ambiri bwenzi la Barbara ndi Dick Grayson, Robin woyamba, mnyamata amene Batman anamlera ngati mwana wake. Batman mwini ndi mnzake wa atate a Barbara, ndiponso mphunzitsi wake pa ntchito yolimbana ndi zigawenga. Chifukwa chake anthu ambiri poona za padenga zija anaona mphunzitsi akugona ndi wophunzira wake, munthu wamkulu akulaula mwana wa mnzake, ndipo zinawanyansa.

Panalinso gulu laling'ono la oikira kumbuyo kanemayo. Iwo anati chibwenzi chimenechi sichinayambe ndi Azzarello, pakuti makatuni a Batman Beyond, amene anayamba m'chaka cha 1999, anasonyeza kale kuti panali kanthu pakati pa Bruce ndi Barbara. Anatinso anthu akuluakulu amalakwa, ndipo nthano ili ndi ufulu wosonyeza kulakwa kwawo. Pa chinthu chimodzi chokha magulu onse atatu anagwirizana: kuti Mark Hamill anagwira ntchito yake mwaluso, makamaka m'mawu aatali amene Joker ayankhula kwa Gordon ndi kwa Batman.

Kuyesa madandaulo a gulu lachiwiri

Mawu a oikira kumbuyo ali ndi choonadi chake. Nthano imene anthu ake salakwa ndi yosakoma, ndipo wolemba saletsedwa kusonyeza chikondi cholakwika. Koma funso loyenera kufunsa pa chinthu chilichonse cha m'nthano nlakuti: kodi chili kugwira ntchito yanji m'nkhaniyo? Pamenepa mpamene chigawo choyambacho chigwa.

Wowerenga ayang'ane m'mene Barbara wasonyezedwera. Franz amlakalaka, Batman amkana, mnzake wa pantchito alankhula naye za amuna okhaokha. M'theka lonse la ola, maganizo ake onse azungulira pa mwamuna mmodzi kapena wina. Mkazi uja wophunzira, woyang'anira nyumba ya mabuku, amene kale anafika ku nyumba ya malamulo, wasanduka mtsikana wodikira kuti lamya ilire. Opanga kanema anafuna kumkweza, koma anamkweza pomupatsa chibwenzi, ngati kuti mkazi sangadziwike mwa njira ina.

Choipa china ndi dongosolo la zochitika. Mkazi asonyeza chilakolako, alephera kudziletsa, aleka ntchito, ndipo posakhalitsa awomberedwa ndi kuchitidwa chipongwe. Ngakhale wolemba sanafune kutero, woonerera amene wazolowera nthano za chilango aona ngati mkaziyo walandira mphotho ya tchimo lake. M'nthano chimene chibwera pambuyo chimaoneka ngati chipatso cha chimene chinatsogola, ndipo wolemba aliyense ayenera kudziwa zimenezi.

Koma chachikulu koposa nchakuti chigawo chachiwiri sichikumbukira choyamba. Barbara atagonekedwa m'chipatala atsala pang'ono kusowa m'kanemayo, monga momwe asowera m'kabukumo. Batman sasintha kanthu m'kuyankhula kapena m'kuchita kwake. Munthu atadula theka la ola loyambalo, palibe chimene chingasoweke m'zotsalazo. Ndipo mathero aipa koposa kale. M'kabukumo kunali kovuta kale kuona Batman akuseka pamodzi ndi munthu amene walumaza mwana wa mnzake. Tsopano ali kuseka ndi munthu amene walumaza mkazi amene iye anagona naye masiku apitawo. Opanga kanema anawonjezera katundu pamutu pa nthanoyo, koma sanaipatse nkhata. Pa mfundo imeneyi gulu lachiwiri linaweruza molungama. Nsima inalidi yosapsa.

Njira ina inalipo, ndipo inali pafupi. Kuyambira m'chaka cha 1989 John Ostrander ndi Kim Yale anamtenga Barbara wolumalayo namsandutsa Oracle, mkazi wokhala pa njinga ya olumala amene ndi nzeru zake ndi makompyuta amatsogolera ngwazi zina; ndipo owerenga ambiri, makamaka olumala, anamkonda kwa zaka zoposa 20, kufikira m'chaka cha 2011 pamene DC inamuyendetsanso. Kanemayo asonyeza Oracle kwa kamphindi kochepa, mayina a opanga atayamba kale kuoneka. Theka la ola lija likanaikidwa kumapeto, kusonyeza m'mene mkaziyo anadzukira pa tsoka lake, likanayankha funso lenileni la nthanoyo; pakuti Barbara nayenso anagweredwa ndi tsoka lalikulu tsiku lomwelo, ndipo sanapenge. Umboni wotsutsa Joker unali pomwepo, koma kanemayo anaulambalala.

Kuyesa madandaulo a gulu loyamba

Gulu loyamba linalondola ponena kuti zigawo ziwirizo sizigwirizana. Koma linaphonya poganiza kuti kudula chigawo choyamba kukanachiritsa zonse. Olemba za kanema ambiri anaona kuti ngakhale chigawo chachiwiri, chimene chitsata kabukuko mokhulupirika, nchozizira, ndipo chifukwa chake nchoyenera kuchimvetsa.

Mphamvu ya kabuku ka Moore ndi Bolland ili m'zinthu zimene tsamba lokha lingachite. Masamba oyamba alibe mawu. Pali timabokosi ta zithunzi tondandalikidwa mofanana, mvula ikugwa m'zithaphwi, Batman akuyenda m'makonde a Arkham, ndipo wowerenga achedwa pa chithunzi chilichonse monga momwe afunira. Pochoka ku nthawi ya tsopano kupita ku nthawi yakale, chithunzi chomaliza cha mbali imodzi chifanana ndi choyamba cha mbali inayo m'kaimidwe ka munthu kapena m'katambasulidwe ka manja, ndipo diso liona zonse ziwiri pamodzi, likhoza kubwerera ndi kufanizira. Nkhope za Bolland zili ndi mizere yambiri yosamalidwa, kotero kuti mantha ndi misala zioneka popanda liwu. Kanema sangachite zimenezi mwa njira yomweyo, pakuti chithunzi chimodzi chikabwera chinzake chapita, ndipo liwiro asankha ndi wopanga. Kuwonjezera apo, zojambula za kanemayu nzosalala ndi zouma poziyerekeza ndi za Bolland, ndipo anthu ake ayenda mouma thupi.

Wosimba nthano waluso sabwereza mawu okha a amene anamphunzitsa. Amayang'ana nkhope za omvera, amachedwa pamene mitima yagwidwa, amathamanga pamene ana ayamba kusinza, ndipo kuyankha kwawo kwakuti “tili tonse” kumamuuza ngati ali nawodi. Kanemayu m'chigawo chake chachiwiri afanana ndi wophunzira amene waloweza phunziro pamtima nalinena lonse osaphonya liwu, koma osadziwa pamene payenera kupumira. Chitsanzo chili pa mathero. M'kabukumo zithunzi zomaliza zitsika kuchoka pa anthu awiri oseka kufika pa madzi a pansi, kuseka kuleka, kuwala kuzima, ndipo wowerenga atsala ndi tsamba m'manja akusinkhasinkha. M'chaka cha 2013 wolemba wina wotchuka, Grant Morrison, ananena kuti pamenepo Batman amupha Joker. Ena akana, ndipo mtsutsowo ndi umboni wa mphamvu ya tsambalo. M'kanemamo kuseka kwa Joker kuleka, kwa Batman kupitirira pang'ono, kenaka mdima. Ndipo oonerera ena anangoti kanemayo wadukira panjira. Zinthu nzomwezo, koma nthawi yosinkhasinkha palibe.

Motero kukhulupirika kumene gulu loyamba linapempha ndiko kunafooketsa chigawo chachiwiri. Kusandutsa buku kukhala kanema kufuna kuti mmisiri afunse chimene tsamba linachita mumtima mwa wowerenga, ndipo afune njira ya kanema yochitira chomwecho. Opanga The Killing Joke anasintha kwambiri pamene panafunika kusamala, ndipo anaopa kusintha pamene panafunika kulimba mtima. Anafuna kukondweretsa olemekeza kabukuko ndi oona chilonda chake nthawi imodzi, ndipo akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa.

Zolakwa za oonerera

Oonerera nawonso sali opanda banga. Ambiri anaweruza kanemayo atangomva mbiri ya za padenga zija, asanaone chithunzi ngakhale chimodzi. Ndipo ngakhale chiweruzo chawo chinapezeka cholondola, njira yake inali ya kandimverere amene anakanena za m'maluwa. Munthu amene adzudzula chimene sanaone alondola mwamwayi chabe, ndipo tsiku lina adzapha ntchito yabwino ndi njira yomweyo.

Ena anakondwera ndi chilembo cha R ngati kuti nkhanza ndi zamanyazi ndizo chizindikiro cha nthano ya anthu okhwima, ndipo atazilandira anadandaula. Walira mvula walira matope. Kukhwima kwa nthano kuli m'kuya kwa mafunso ake, ndipo makatuni a 1992, amene anakonzedwa kuti ana aone, anali ndi nkhani zina zozama kuposa theka la ola limene linawonjezedwa pano. Chilembocho chili ndi ntchito imodzi yokha yoona: kuchenjeza makolo ndi onse osunga ana kuti si katuni aliyense amene ali wa ana, ngakhale pachikuto pali Batman.

Enanso anaika mlandu wonse pa Azzarello ndi Timm, nakweza kabukuko ngati kopanda chilema, kuiwala kuti mkaziyu anayamba kusandutsidwa chida m'chaka cha 1988, ndi kuti mlembi wake yemwe sanabise kusakondwa kwake. Kanemayo anakulitsa chilonda, koma sindiye anachitema.

Za ndalama ndi chiweruzo

Wina angafunse kuti, ngati kanemayo anali woipa, bwanji anapeza ndalama zambiri chotere m'masiku awiri? Yankho nlakuti matikiti ambiri anagulidwa anthu asanamuone. Ndalama zimenezo zinayesa kukula kwa chiyembekezo, ndi ulemu umene anthu anali nawo pa kabukuko ndi pa mawu a Conroy ndi Hamill. Sizinayese kukhutira kwawo. Chiweruzo chinabwera pambuyo: pa Rotten Tomatoes, pamene amasonkhanitsa maganizo a olemba za kanema, oyamikira sanafike theka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma wogula amadziwa zimenezi atang'amba kale chipatsocho.

Kuchuluka kwa anthu pakhomo, tsono, sikutsimikiza ubwino wa ntchito, ndiponso kukula kwa phokoso la odandaula sikutsimikiza kuipa kwake. Chofunika ndi kumva chifukwa chimene wodandaula apereka, ndi kuchiyesa pa ntchitoyo. Wonena kuti sanapeze chimene anayembekezera wanena za iye mwini. Wonena kuti chigawo ichi sichibala kanthu m'chigawo icho, kapena kuti munthu uyu wa m'nthano wagwiritsidwa ntchito ngati chida, wanena chinthu chimene wina aliyense akhoza kupita kukachiona ndi kuvomera kapena kukana. Pa The Killing Joke madandaulo a mtundu wachiwiriwu analipo ambiri, ndipo atayesedwa apezeka olimba.

Kevin Conroy anamwalira m'mwezi wa Novembala 2022, ndipo amene abwerera kwa kanemayu amabwerera makamaka kukamva mawu ake ndi a Hamill pa kukambirana kwawo komaliza kwa pamvula, pamene Batman apempha ndipo Joker akana mwachisoni. Mphindi zochepa zimenezo zisonyeza chimene ntchito yonse ikanakhala. Zotsalazo zikhala chitsanzo kwa aliyense wofuna kusimbanso nthano ya mwini: ayambe wadziwa pamene pali mphamvu yake ndi pamene pali chilonda chake, ndipo asankhe chimene afuna kuchita nazo asanatsegule pakamwa.